Ndinakweza Mkwatibwi pa Mpando Woletsedwa

1

Amene mukudikira kuti ndipepese, tsegulani tsamba lina mukawerenge za mpira. Ine sindipepesa.

Dzina langa ndi Nedson, koma kuno ku Doha aliyense amangoti Madala, ngati kuti amayi anga sanandipatse dzina. Imvi zilipo, sindikana. Sukulu ndinalekera sitandade faifi, koma chiwongolero ndinachigwira ndevu zisanamere, ndipo chandidyetsa moyo wanga wonse. Pamene ndikulemba pano chikwama ndamanga kale, chili kunsi kwa bedi m'chipinda chathu ku Al Mansoura. Ntchito yatha, visa aidula, tikiti yobwerera kumudzi ili m'thumba.

Mlandu wanga mwina munaumva kale, chifukwa pa magulu a pa foni a Amalawi ndi a ku Zambia unathamanga kuposa moto wa kutchire. Akuti nkhalamba inapenga ndi mtsikana wa pa hotela. Akuti inaba galimoto ya abwana, galimoto yoti mtengo wake ungamange chipatala, kuti ikadzionetsere pa ukwati wa mwana wa eni. Za galimotozo n'zoona. Ndinaitenga, ndipo ndinkadziwa chimene chidzandigwere. Zinazo khalani pansi mumve kwa mwini nkhani.

2

Abwana anga, amene dzina lawo sinditchula, bizinesi yawo ndi galimoto zakale. Sindikunena ziphapha zimene timakankha ku Limbe ayi. Ndikunena galimoto za mafumu ndi mabwana a ku Ulaya, zopangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Amatuma anthu kukazisaka m'magalaja a nkhalamba zomwalira, n'kuzibweretsa pa sitima, n'kuziika m'chinyumba chozizira usana ndi usiku. Ife anthu timathithikana m'kachipinda ka ekondishoni yotsokomola, pamene zitsulo zimagona motakasuka, chilichonse ndi chofunda chake. Zikakhala chaka kapena ziwiri kumabwera olemera ena, amazizungulira manja ali kumbuyo, amamwa khofi, kenaka imodzi imakwera kontena.

Ine anandilemba chifukwa magiya a galimoto zimenezi amafanana ndi a malole amene ndinaphunzirira: kilachi uponde kawiri, injini uimvetsere ndi khutu. Komanso galimoto yakale ili ngati munthu wokalamba, ikangokhala imadwala. Matayala amaphwatalala mbali imodzi, mapaipi amauma. Choncho Lachisanu lililonse m'mawa, misewu ikadali yopanda anthu, ndinkatulutsa imodzi, kuizungulitsa pang'ono m'dera lathu n'kuibweza. Mlonda wa pageti anazolowera. Mlondayo ndi Dumisani, bambo wa ku Ntcheu wa pakamwa ngati wailesi, amenenso timagona naye chipinda chimodzi.

Mfumukazi ya zonse tinkaitcha Dona. Ya 1934, mtundu wa mkaka, mphuno yaitali ngati bwato, chiwongolero kumanja ngati kwathu. Chimene chinkaikweza mtengo si kukongola ayi, koma kuti chichokereni ku fakitale palibe anaipakanso penti, palibe anasokanso mipando yake. Mudiri wathu, ndiye kuti manijala, ankaloza timing'alu ta pa penti ngati akuloza golide.

"Izi ndi zimene ogula amafuna, Madala. Popukuta uzichita ngati ukusambitsa khanda."

Mpando wakumbuyo anautchinga ndi chingwe chofiira. Ogula ankauzidwa kuti womaliza kukhalapo anali mkazi wamasiye wa mwini wake woyamba, ndipo chichokereni iyeyo palibe thako lina linapakhudza.

Pakati pa dalaivala ndi mpando umenewo pali galasi, limene wakumbuyo amakweza ndi kutsitsa ndi chopukusira. Palinso kapaipi: wakumbuyo amalankhulira pakamwa pake, mawu n'kutulukira pafupi ndi khutu la dalaivala. Koyankhira kulibe. Amene anaipanga ankadziwa kuti pali anthu obadwira kulankhula ndi ena obadwira kungomva. Ine za kungomva ndimazidziwa bwino.

3

Mwai ndinamuona koyamba ku tchalitchi ku Abu Hamour, kumene mipingo yonse anaiunjika mumpanda umodzi. Sindine wopemphera kwenikweni. Ndinkapitako Lachisanu ndikabweza galimoto, poti kuno tsiku lopemphera ndi limenelo, kukamva Chichewa ndi kukaona amene akunamiza anzake. Tsiku limenelo abusa anati alendo aimirire adzitchule. Anaimirira mtsikana wamtali, wa mpata m'mano, n'kunena dzina lake, mudzi wake ndi dzina la amayi ake, monga timachitira. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinagwira benchi ndi manja awiri. Chimene ndinamva pamenepo ndikuuzani nthawi yake ikakwana, musandifulumize.

Kuyambira tsikulo ndinkakhala benchi ya kumbuyo kwake. Wina akabwera kuchokera kumudzi ndi ufa kapena chiponde, ndinkagula n'kukasiya kwa mlonda wa kumene ankagona. Atadwala chimfine ndinamutumizira mandimu ndi uchi. Shifiti yake ya ku hotela ndinkaidziwa kuposa abwana ake.

Anthu ali ndi maso.

"Madala," anatero Dumisani tsiku lina akusita yunifomu, "ka Mwai kaja kanakudyetsani chiyani? Inu amene simubwereketsa ndi sopo yemwe?"

"Sita malaya ako."

"Ayi, ine ndikungofunsa ngati mng'ono wanu. Moto wa pachitsa umachedwa kugwira, koma ukagwira..."

"Ukagwira umaotcha woyang'anitsitsa."

Anaseka mpaka kupsereza kolala. Dzuwa lisanalowe gulu lonse la pa foni linali litamva kuti Madala ali m'chikondi.

Nyengo yozizira itayamba, abwana anakaonetsa galimoto zawo kwa ogula pabwalo la hotela imene Mwai amagwirako ntchito. Ine anandiimika pambali pa Dona nditavala chipewa ndi magolovesi oyera ngati chidole cha m'sitolo. Mwai anadutsa ndi thireyi ya makapu, n'kuima.

"Iii Madala, zinthu zimenezi zimayendadi?"

"Zimayenda kuposa iwe."

Anasuzumira kumbuyo, chala chake n'kukhudza chitseko. Mudiri anatulukira ngati wagwa kumwamba. Anamukalipira pamaso pa alendo onse, kenaka n'kutulutsa kansalu kupukuta pamene panagunda chalapo, ngati pagwera chitosi. Mwai anapepesa, n'kupepesanso. Potembenuka anandimwetulira, koma maso atanyowa.

"Musadandaule, Madala. Ife ndi a basi. Zoterezi tidzakwera kumwamba, inshallah, Mulungu akalola."

Ndinangowongola chipewa. Koma mumtima ndinalumbira, ndipo ine sindilumbira kawirikawiri.

4

Mwai anali ndi chibwenzi, Conrad, wa ku Katete ku Zambia, wophika pa hotela yomweyo. Ukwati anakonza kuti ukhale mu Januwale. Conrad sindinkamukhulupirira, koma musadabwe, ine sindikhulupirira munthu aliyense. Ndinafufuza ngati ali ndi mkazi kwawo, ngati amamwa, ngati amatchova njuga pa foni. Sindinapeze kanthu, ndipo zinandikwiyitsa pang'ono.

Iyeyo ndiye anandipeza ine. Anandipeza ndikumwa tiyi pa kalesitilanti ka Amwenye kunsi kwa nyumba yathu, n'kukhala osapatsidwa mpando.

"Mudala, ine ndimakulemekezani. Koma anthu akulankhula. Mukufufuza za ine, mukutumiza ma-parcel kwa mkazi wanga. Mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Sanakhale mkazi wako."

"Ndiye mukufuna akhale wanu?"

Kapu ndinaiika pansi pang'onopang'ono kuti ndisamuthire nayo.

"Tamvera. Ukadzamumenya mwana uja, ngakhale kamodzi, ndidzakupeza ngakhale utabisala kunsi kwa nkhokwe ku Katete."

"Monga ndani wake?"

Yankho linafika pakhosi. Ndinalimeza ndi tiyi wotentha.

"Monga dalaivala. Khalas, nkhani yatha."

Komiti ya ukwati inkakumana ku Al Asmakh, kwa mayi wina wa ku Lusaka dzina lake Cynthia, amene ukwati uliwonse wa kuno umadutsa m'manja mwake. Ndinapita osaitanidwa. Foni anaiimika pa ndowa yovundikira, ndipo m'fonimo munali amalume ake a Mwai, a Grayson, akulamula ali ku Dedza. Nyimbo zikhale zakutizakuti. Abusa akafunsa wopereka mwana, mukweze foni ino, chifukwa mwanayo ndi wa mbumba yanga. Ine ndinakhala kuseri kwa chitseko, kumene kamera siinkafika.

"Nanga bambo ake?" anafunsa Cynthia. "Pa pulogalamu tilembe chiyani?"

"Lembani malemu," anatero a Grayson. "Anafa mwana akuyamwa. Komanso kwathu kuno bambo ndi tambala wobwereka, mayi. Akalira, ntchito yake yatha. Anapiye ndi a mwini thadzi."

Akazi anaseka. Atafika pa za mayendedwe, Cynthia anati abukitsa takisi yoyera.

"Mkwatibwi ndinyamula ine," ndinatero.

Onse anacheuka.

"Pa chiyani, Madala? Pamsana?"

"Mudzaona."

Conrad anakukuta mano. Koma Mwai anakweza dzanja.

"Asiyeni, anti. Madala sanandinamizepo."

Chipongwe ndimachipirira. Mawu amenewo ndiwo anandilanda tulo.

5

Sabata ya ukwati yomweyo, Dona inagulidwa. Wogula, mzungu wa ku Ulaya, sanabwere n'komwe. Anatuma katswiri wake amene anaswera tsiku lonse akuunika penti ndi katochi, kununkhiza mipando, kujambula manambala a mamailosi. Abwana anagwirana naye chanza, ndipo mudiri anandiitana.

"Dona yapita, Madala. Lamulungu ikwera kontena. Kuyambira lero osailiza, osaikhudza, osaipumira. Wamva?"

"Ndamva."

Kumva ndiyo ntchito yanga.

M'chinyumbamo munali galimoto zina zambiri. Ndikanatha kutenga ina yopakidwa penti watsopano, yoti ngakhale akanandigwira akanangondikalipira n'kundidula malipiro. Ndinaziganizira zimenezo, sindinama. Koma chala cha Mwai sichinakhudze zinazo. Chimene mudiri anapukuta ndi kansalu chinali chitseko cha Dona.

Lachisanu m'mawa, tsiku la ukwati, ndinavala suti yanga imodzi yomweyo, chipewa ndi magolovesi. Dona inatsokomola kamodzi n'kudzuka. Pageti Dumisani anatuluka m'kanyumba kake akuyasamula.

"Madala, imeneyi si ija yagulidwa?"

"Akuti ndiitenthetse komaliza isanakwere sitima."

"Mutavala suti?"

"Ndikuitsanzika."

Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana kamera ya pamwamba pa geti, n'kundiyang'ananso.

"Ine suti sindinaione," anatero. "Ndangoona Lachisanu. Yalla, dutsani."

Geti linatseguka.

6

Mkwatibwi ankavalira kwa Cynthia. Timisewu ta ku Al Asmakh n'topanikiza, ndipo Dona inalowamo ngati njovu m'dimba. Anthu anatuluka m'makonde ndi mafoni, ena atangomanga thaulo. Akazi a komiti anayamba nthungululu. Mwai anatsika masitepe atanyamula diresi m'manja, ndipo ataona galimoto anaima chilili.

"Madala, ayi. Akuchotsani ntchito."

"Za ntchito yanga ndi zanga. Yako lero ndi kukwera."

Ndinatsegula chitseko chija, ndinamasula chingwe chofiira, n'kuchipinda, n'kuchiika m'thumba la jekete. Chikopa chakale chinalira pang'ono pamene Mwai ankakhala. Cynthia naye anakweza mwendo kuti alowe.

"Inu tsatirani pa takisi yanu yoyera, mayi. Mpando uwu ndi wa munthu mmodzi."

"Iii, nkhalamba yamwano iyi!"

Tinanyamuka. Dona sithamanga, imayenda ngati mkazi wa mfumu popita kumsika. Zigalimoto zikuluzikulu za eni dziko zinkachepetsa liwiro, magalasi n'kutsika, mafoni n'kutuluka. Ndinadziwa kuti zithunzizo zikafika kwa mudiri, koma sindinasamale. Pa kalilole ndinkaona Mwai akusisita mpando ndi dzanja lonse, popanda womukalipira.

Tikuyandikira Abu Hamour, kapaipi kanapuma pakhutu langa.

"Halo? Madala, mukundimva? Iii, kamagwiradi ntchito!" Anaseka ngati kamwana. "Ndili pa foni ndi amayi ndi amalume. Amayi akuti akuoneni, athokoze munthu wachifundo ameneyu."

Chaka chonse ndinali nditaizemba kamera imeneyo. Ndinaimika galimoto pamalo oimikapo, kunja kwa mpanda wa matchalitchi, ndipo ndinamva galasi likutsika kumbuyo kwanga. Ndikanatha kuweramitsa chipewa n'kungoti zikomo. Koma ndinali nditatopa kukhala kuseri kwa zitseko. Ndinavula chipewa n'kutembenuka.

M'fonimo munali nkhope ziwiri zopanikizana: a Grayson atavala tayi, ndi Angelina, amayi ake a Mwai, atamanga mpango watsopano kumutu.

"Zikomo bambo, Mulungu akuda..." Mawu anathera pomwepo. Angelina anayandikitsa nkhope. "Mayo ine! A Mbewe!"

"Ndine, Angelina. Ndauka."

"Thimitsa foni!" anakuwa a Grayson. "Mwai, thimitsa! Ameneyo ndi wakuba!"

"Mwadzuka bwanji, alamu? Tambala wobwereka uja ndi uyu. Akulirabe."

Mwai anayang'ana foni, n'kuyang'ana ine.

"Amayi, a Mbewe ake ati? A Mbewe si bambo anga omwalira aja?"

Angelina anaphimba nkhope ndi chitenje. Kulira kwakeko ndiko kunayankha.

7

Tsopano mvetserani.

Angelina ndinamukwatira ndili dalaivala wa malole opita ku Beira, ndipo monga mwa mwambo wa kwawo ndinakakhala chikamwini, kwa Mtsekwe ku Dedza. Kumeneko ankangondidziwa ndi mfunda wanga, a Mbewe. Nyumba ndinamanga pa dothi lawo, munda ndinalima wawo. Mwana atabadwa, dzina ndinapereka ndine. Koma alamu anga a Grayson sankandifuna, chifukwa ndinkawayankha, ndipo mkamwini sayankha.

Ulendo wina lole inandifera ku Mozambiki, ndipo ndinakhala miyezi ndikudikira zitsulo. Pobwerera ndinapeza zovala zanga zili m'thumba la feteleza patsinde pa mango, ukwati atauthetsa ine kulibe, Angelina atamulonjeza kwa mwini chigayo. Ndinapempha kuti ndimunyamule mwana kamodzi kokha. Anandimasulira agalu. Ndinabwererako, n'kubwererakonso, mpaka anandiswa mutu, ndipo chipsera chake ndi chimene chipewa chimabisa. Kulikonse kumene ndinadandaula yankho linali limodzi: mwana ndi wa kuchikazi. Zoti anandiika m'manda ndi pakamwa ndinadzazimvera kuno ku Doha.

Mufunsa kuti bwanji sunamuuze chaka chonsechi? Akanakhulupirira ndani? Nkhalamba yopanda kanthu, yotulukira mwana atayamba kulandira, n'kumati ndine bambo ako. Akanati yabwera kudzadya. Ndipo a Grayson akanamva msanga akanaugwedeza ukwati wonse. Pa ukwati wa kwawo bambo alibe mpando. Ndinayang'ana mipando yonse, ndipo ndinapeza umodzi wokha umene alamu anga sakanandilanda: wa dalaivala.

Mwai anathimitsa foni. Sanandikumbatire ngati za m'mafilimu. Anandiyang'ana ndi maso ouma gwa.

"Chaka chonse mukundipatsa mandimu."

"Eya."

"Mandimu, Madala! Ine ndakula ndikupempherera mzimu wanu. Ndiye mwasankha lero?"

"Sindinasankhe. Galasi watsitsa ndiwe."

"Musandiyankhe choncho!"

"Ndilo vuto langa lomwelo, kuyankha. Ukafunse amalume ako."

Takisi ya Cynthia inafika. Mwai anatsegula yekha chitseko ine ndisanazungulire, ananyamula diresi lake, n'kulowa pageti osacheuka.

8

Pamenepo ndikanatha kuthawa. Kubweza Dona, kumanganso chingwe, kupukuta mpando, n'kukagwada kwa mudiri kuti ndinangoitenthetsa. Mwina zikanatheka. Koma ine ndinali nditathamangitsidwapo kale ndi agalu, ndipo sindinafune kudzithamangitsa ndekha. Ndinasiya galimoto pamenepo, ndinalowa m'tchalitchi, n'kuima kumbuyo pafupi ndi khomo.

Abusa atafika pofunsa kuti ndani akupereka mwanayu, Cynthia anatambasula dzanja kuti alandire foni aikweze. Mwai sanaipereke. Ine pakhomo paja ndinadikira. Kodi acheuka?

Sanacheuke.

"Ndadzipereka ndekha, abusa," anatero. "Pitirizani."

Anthu ananong'onezana. Ine zinandiwawa, koma ndinamvanso kukoma. Pakamwa pamenepo ndi panga. Kwa a Grayson kulibe.

Ndinatuluka nyimbo yomaliza isanathe, ndipo kunja ndinapeza Dona itasanduka ina. Ndinali nditaiwala chinthu chimodzi chimene Mmalawi aliyense amachidziwa: galimoto ya akwati siyenda yamaliseche. Akazi a komiti amene anatsalira kunja anali atagwira ntchito yawo ndi mtima wonse. Maliboni apinki kuyambira pamphuno mpaka kumbuyo. Mabaluni pa zitseko. Maluwa a pepala, ndi chikatoni cha mayina a akwati. Zonsezo anamata ndi selotepi yaikulu ija yomangira makatoni a katundu wopita kumudzi, ndipo dzuwa linali litaiphika kale. Wina mwa chisangalalo anawazanso ufa, ndipo unalowa m'timing'alu tonse ta golide wa mudiri.

"Mwaona, Madala? Taikongoletsa! Inali yotuwa ngati ya maliro!"

Ndinakweza kangodya ka selotepi ndi chikhadabo. Penti wa 1934 anabwera nayo limodzi ngati nkhanambo, pansi n'kuoneka chitsulo. Ndinaibwezera pomwepo n'kuisindikiza ndi chala. M'thumba foni inali ikunjenjemera, ndipo ndinadziwa woimbayo. Kenaka ndinaseka, kuseka kumene sindinasekepo chifikireni m'dziko lino.

"Mbali iyi yachepa," ndinatero. "Onjezerani mabaluni."

Akwati anatuluka pakati pa nthungululu. Conrad anali atauzidwa kale, chifukwa atafika pa ine anasowa poika maso. Ananjuta pang'ono, n'kuomba m'manja mwaulemu monga amachitira kwawo.

"Mudala... kapena ndinene kuti apongozi... ine sindinkadziwa."

"Kwera, usadetse suti ya eni."

Mwai analowa osandiyang'ana. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kukweza galasi mpaka pamwamba. Ndinati basi, zatha. Ndanyamula mwana wanga kamodzi, monga ndinapempha patsinde pa mango paja, ndipo zikwanire pomwepo.

Tinalowa mumsewu waukulu kulunjika ku holo ya ku Al Mansoura, mabaluni akuphulika limodzilimodzi. Tinadutsa maloboti, tinadutsa ena. Kenaka kapaipi kanapuma pakhutu langa.

"Ababa."

Ndinayang'ana pa kalilole.

"Ababa, musathamange. Ndikufuna anthu ationere bwino."

Ndinakuuzani kuti kapaipi kaja kalibe koyankhira. Ndinagwira hutala ya mphira ya pambali pa chitseko, ndipo ndinailiza, n'kuiliza, mpaka pakhomo pa holo.

9

Mudiri ataiona Dona analira misozi yeniyeni, kulirira penti. Wogula anabweza mawu tsiku lomwelo. Abwana anabwera okha, anaizungulira manja ali kumbuyo, n'kundifunsa chifukwa. Ndinati mwana wanga amakwatiwa. Anati apolisi sawaitana, ndingolongedza. Dumisani akuti chimenecho ndi chifundo. Ine ndikuti nkhani ikanafika kukhoti, olemera onse akanadziwa kuti galimoto za abwana zimayenda m'maukwati. Aliyense akhulupirire zake. Dumisani ntchito yake ilipo, chifukwa ndinawauza kuti ndinamunamiza, ndipo pakamodzi m'moyo wake anadziwa kutseka pakamwa.

Mwai sanandimasulire mtima wonse, ndipo sindikumukakamiza. Akuti mafunso ali nawo ambiri, ena a ine, ena a amayi ake. Dzulo anabwera ndi mwamuna wake kudzandisiyira juzi. Anafunsa ngati chingwe chofiira chija ndikadali nacho. Ndinamupatsa.

Tsopano inu owerenga. Ena mwa inu muti ndinawononga chinthu chimene anthu anachisamala kuyambira tonsefe tisanabadwe. N'zoona. Koma taganizani: mpando kuusunga zaka zonsezo kuti pasakhale munthu! Ine ndinaona mpando wopanda munthu ndi mwana wopanda bambo, ndipo ndinaziphatikiza. Mundiweruze mmene mungafunire.

Inu amalume amene mumadziguguda pachifuwa kuti mbumba ndi yanu, mwambo sindikulimbana nawo. Koma ndionetseni pamene mwambo unati muphe munthu akuyenda ndi miyendo yake. Inu ana amene munauzidwa kuti bambo anu anafa, musangolira, funsani kumene anagona. Ndipo inu a pa gulu la pa foni amene munati nkhalamba yapenga ndi mtsikana, simunaname kwenikweni. Ndinapenga nayedi, kuyambira tsiku limene anabadwa.

Anzanga akundifunsa kuti ndikatsika ndege ndikalowera kuti, poti kwathu kulibe amene akundidikira. Juzi ija ndi ya mphepo ya ku Dedza. Ndikupita kwa Mtsekwe, masana dzuwa likuswa mtengo, nditavala suti yomweyi. Ndikufuna a Grayson akandionetse manda anga.